Makina akati "ndalemba", detayo ili pati? Za kuyeza liwiro la zosungira deta popanda kubera pa sikelo

Aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda amadziwa kuti mkangano umayambira pa sikelo. Thumba lomwelo kuno lalemera makilogalamu 50, ukawoloka nalo msewu lalemera 46, ndipo onse awiri akulumbira kuti sikelo yawo ili bwinobwino. Ndikamawerenga timapepala ta makampani ogulitsa makina osungira deta, todzitama kuti makina awo amalemba kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndimakumbukira sikelo ija. Mabanki, zipatala ndi makampani a mafoni amalipira ndalama zankhaninkhani atakopeka ndi nambala imodzi. Nambalayo ikhoza kukhala yoona ndithu, koma yosakhudzana n'komwe ndi ntchito imene makinawo akukagwira.

Makina amene ndikunenawa ndi aja osunga deta pa maseva angapo nthawi imodzi, kutanthauza makompyuta otumikira makompyuta ena. M'malo modalira disiki imodzi ya m'kompyuta imodzi, deta imamwazidwa pa maseva olumikizana ndi netiweki, seva iliyonse n'kusunga gawo lake komanso makope a zinzake, kuti ina ikafa zinthu zisatayike. Ceph ndi chitsanzo chodziwika bwino. Inayamba ngati kafukufuku wa Sage Weil pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, inadziwika mu 2006, ndipo lero CERN, malo aja ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, amasungiramo deta yochuluka zedi. Amene amachita lendi maseva kwa Amazon amakumana ndi EBS, imene nayonso ndi disiki ya pa netiweki. Database, pulogalamu yosunga ndi kusanja deta ngati PostgreSQL kapena MySQL, ikaikidwa pamwamba pa makina otere, imangoona ngati ili ndi disiki imodzi. Sidziwa kuti kalikonse kamene yalemba kakuyenda ulendo pa waya kukafika ku maseva ena.

Kalembedwe ka database n'kosiyana ndi kukopera filimu pa flash. Wokopera filimu amatumiza chinthu chimodzi chachikulu, ndipo amangofuna kudziwa kuti pa sekondi pakudutsa mamegabaiti angati. Database imalemba tinthu ting'onoting'ono, koma kalikonse kali ndi lonjezo. Tinene kuti mwatumiza ndalama pafoni. Uthenga woti zatheka usanakupezeni, database imayamba yalemba kaye m'buku lake la zochitika, limene mu PostgreSQL amalitcha WAL, mu InnoDB ya MySQL amati redo log. Ikatero imaitana lamulo lotchedwa fsync, kapena mbale wake fdatasync, n'kuima chilili kudikira yankho. Tanthauzo la fsync ndi ili: usandiyankhe mpaka zimene ndakupatsazi zitafika pamalo poti ngakhale magetsi atathima pompano sizifufutika. Popanda lamuloli, Linux, pulogalamu yoyendetsa seva, imalandira deta n'kuisunga kaye mu RAM, chikumbumtima cha kompyuta chimene chimafufutika magetsi akathima, n'kuyankha msangamsanga kuti yalemba, pamene ku disiki ikaifikitsa mwina patatha masekondi 30. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Deta imene ikadali mu RAM ndi fodya wapachala.

Choncho tisanafunse za liwiro, tifunse kaye kuti makinawa akamati "ndalemba", detayo imakhala ili pati. Apa mpamene mayeso ambiri amapotokera, nthawi zina mwadala koma kawirikawiri mosadziwa, chifukwa mapulogalamu amachoka kwa eni ake atatcheredwa mosiyana. PostgreSQL ukangoiika, imadikira fsync pa commit iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse imene ikutsimikiza kuti zolemba zatheka. Database ina, Cassandra, ukangoiika, imayankha deta isanatsimikizike pa disiki, ndipo fsync ya buku lake imachita kamodzi pa masekondi 10 alionse. MongoDB, mpaka chakumapeto kwa 2012, madalaivala ake, timapulogalamu tolumikizira ku database, ankatumiza deta osadikira n'komwe yankho la seva, ndipo zoti maseva ambiri avomereze kaye zinadzakhala katcheredwe ka nthawi zonse mu mtundu wa 5.0, m'chaka cha 2021. Zosankha zimenezi pazokha si zoipa. Pali ntchito zina, monga kuwerenga anthu amene aonera kanema, zimene kutaya masekondi 10 si tsoka ayi. Chimene chimandipweteka n'kuona nambala za makina awiri otere zitaikidwa pa tchati chimodzi ngati kuti analonjeza zofanana.

Database ikhoza kuchita mbali yake bwinobwino, wina wa pansi pake n'kuinamiza. Mu QEMU, imene imayendetsa makompyuta ongoyerekezera mkati mwa seva, muli katcheredwe kotchedwa cache=unsafe, kamene kamalandira fsync n'kuinyalanyaza. Pa macOS, fsync wamba sikakamiza disiki kukhuthula zimene yasunga m'kachikumbumtima kake, pamafunika F_FULLFSYNC, ndiye munthu woyeza pa laputopu yake amapeza nambala zokongola zimene seva ya Linux singazifike. Kenako pali disiki yeniyeniyo. Mukatsegula SSD ya m'maseva, disiki yosazungulira yosunga deta pa flash, mupeza timakapasita titandandalikana pa bolodi. Ntchito yake n'kusunga kamphamvu kokwanira kuti magetsi akathima, disiki imalize kulemba zimene yalandira. Chifukwa cha timeneti, SSD yotere imatha kuyankha fsync nthawi yomweyo popanda kunama. Ya m'malaputopu kawirikawiri ilibe, ndiye imayenera kudikira kuti deta ifike pa flash penipeni.

Kusiyana kumeneku ndinakuona ndi maso anga tsiku lina madzulo, ma SSD awiri ali pa tebulo. Ina inali yotchipa, bokosi lake litalembedwa nambala zochititsa kaso. Inayo inali yakale, yochokera m'seva, yopanda chokopa chilichonse. Ndinayendetsa fio, pulogalamu yoyezera madisiki imene analemba Jens Axboe, ndipo poyamba yotchipa ija inatsogola. Ndiye ndinawonjezera timawu tiwiri, fsync=1 ndi iodepth=1, kutanthauza kuti lemba kamodzi, dikira chitsimikizo, kenako ulembenso. Yotchipa ija inagwa kuchoka pa zikwi makumi angapo kufika pa mazana ochepa pa sekondi. Yakale ija inangopitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika. Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana sikirini, chifukwa ndinadziwa kuti ikanakhala nkhani yogula potsatira bokosi, ndikanasankha yolakwika. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tikafika pa maseva angapo, funso lija limabala linzake: ndi angati amene ayenera kuvomera munthu asanayankhidwe? Ceph nthawi zonse imabwera itatcheredwa kusunga makope atatu. Deta imafika pa disiki yotsogolera, iyo n'kutumiza kwa zinzake ziwiri, ndipo yankho limabwerera zonse zitatu zikalemba. Ndiye kuti wochedwetsetsa pa atatuwo ndi amene amalamula liwiro. Makina otsatira Raft, njira yoti maseva azigwirizana pansi pa mtsogoleri mmodzi imene Diego Ongaro ndi John Ousterhout a ku Stanford anafalitsa mu 2014, monga etcd ndi CockroachDB, amangodikira ambiri, awiri mwa atatu, ndipo wachitatu amatsatira pambuyo. Onsewa amati "makope atatu", koma lonjezo lawo panthawi yoyankha ndi losiyana. Palinso erasure coding, pamene deta imadulidwa, mwachitsanzo, zidutswa zinayi n'kuwonjezerapo ziwiri zowerengetsera. Imapirira kufa kwa madisiki awiri monga makope atatu aja, chonsecho imadya malo kamodzi ndi theka m'malo mwa katatu. Mtengo wake umaoneka pa kulemba tinthu ting'onoting'ono: kuti usinthe makilobaiti 8, kawirikawiri umayamba wawerenga zakale, kuwerengetseranso, kenako kulemba m'malo angapo. Woyeza mwachilungamo amanena zonsezi poyera. Wina akaika makina a kope limodzi pambali pa makina a makope atatu n'kunena kuti oyambawo apambana, ameneyo wabera pa sikelo basi.

Nambala imene ogulitsa amaikonda ndi IOPS, kuchuluka kwa zolemba ndi zowerenga pa sekondi. Amaipeza potumiza zopempha mazanamazana nthawi imodzi kuchokera ku makompyuta ambiri, ndipo makina omwazikana pa maseva ambiri amachitadi bwino pamenepo, popeza ntchito imagawanika. Koma buku la zochitika la database ndi mzere umodzi, ngati pa windo limodzi la banki. Masamu ake ndi osavuta. Ngati fsync imodzi itenga milisekondi imodzi, munthu mmodzi wolemba motsatizana sangapyole 1,000 pa sekondi, ngakhale kuseri kukhale maseva 500. Ikatenga mamilisekondi asanu, watsikira pa 200. N'zoona kuti PostgreSQL ndi MySQL zimaphatikiza ma commit a anthu angapo mu fsync imodzi, zimene zimathandiza anthu akachuluka, komabe aliyense wa iwo amadikira nthawi yonse ija. Ichi n'chifukwa chake ine ndimayamba ndi wolemba mmodzi, kenako anayi, 16, 64, mpaka nditaona pamene kuwonjezera anthu sikukuwonjezeranso ntchito koma kungotalikitsa mzere. Malo amenewo ndi amene wogula ayenera kuwadziwa.

Masamu omwewa amathandiza kugwira bodza. Disiki yozungulira ka 7,200 pa mphindi imatenga mamilisekondi 8.3 kuzungulira kamodzi, ndiye singatsimikize zolemba zoposa pafupifupi 120 pa sekondi kwa wolemba mmodzi. Mukaona zikwi pa disiki yotere popanda kachikumbumtima kotetezedwa ndi batire, dziwani kuti penapake fsync ikunyalanyazidwa. Mtunda nawo sunyengereredwa. Kuwala m'waya wa faiba kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Banki itafuna kuti kope lachiwiri likhale ku Blantyre pamene loyamba lili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita 300 kapena kuposerapo pang'ono, kupita ndi kubwera kokha kudya mamilisekondi atatu, disiki isanakhudzidwe n'komwe. Kuyerekeza makina otere ndi amene maseva ake onse ali m'chipinda chimodzi n'kusalungama, ngakhale mapulogalamu ake akhale amodzimodzi.

Nkhani ina ndi ya nthawi. Mayeso a mphindi zisanu amanama pafupifupi nthawi zonse. SSD silemba pamwamba pa zakale mwachindunji, imayenera kufufuta kaye chigawo chachikulu. Ikakhala yatsopano malo opanda kanthu ndi ambiri ndipo imathamanga, koma ikadzaza imayamba kusesa ndi kusamutsa zinthu mkati mwake kwinaku ikulandira zatsopano, liwiro n'kutsika kwambiri. Bungwe la SNIA, lowona za miyezo ya zosungira deta, linakhazikitsa kuti disiki ilembedwe kaye yonse kawiri, kenako mayeso abwerezedwe mpaka zotsatira zitakhazikika, ndipo nambala zitengedwe pamenepo. Ku Amazon kuli msampha wa mtundu wina. Disiki ya gp2 imapatsidwa IOPS zitatu pa gigabaiti iliyonse, ndiye ya magigabaiti 100 liwiro lake lenileni ndi 300. Koma imayamba ndi makirediti 5.4 miliyoni amene amailola kuthamanga mpaka 3,000. Gawani 5,400,000 ndi 2,700, mupeza masekondi 2,000, mphindi 33 zokha. Woyeza kwa mphindi 10 amapita kwawo atalemba nambala yoposa yeniyeni kakhumi. Mtundu wa gp3 umene unatuluka mu December 2020 unachotsa makirediti amenewa, koma madisiki a gp2 akadalipo ambiri.

Database nayo ili ndi nyengo zake. PostgreSQL imasunga masamba a makilobaiti 8 osinthidwa mu RAM, ndipo pa checkpoint, imene mwa katcheredwe koyambirira imabwera mphindi zisanu zilizonse, imawakhuthulira ku disiki. Ikatha checkpoint, tsamba lililonse likasinthidwa koyamba limalembedwa lathunthu mu WAL, ndiye buku lija limafufuma mwadzidzidzi. InnoDB, ya masamba a makilobaiti 16, imalemba tsamba lililonse kawiri pofuna kudziteteza ku tsamba lolembedwa theka. Ma database omangidwa pa RocksDB amayamba mwaliwiro, kenako imafika nthawi yophatikiza mafayilo, ndipo ntchitoyo ikawunjikana amaimitsa kaye olemba. Ndiye kuti pa disiki pamadutsa mitsinje iwiri nthawi imodzi, kamtsinje ka WAL kosalekeza ndi chigumula cha masamba chobwera mwa apo ndi apo. Chofunika kudziwa n'chakuti kamtsinje kaja kamachedwa bwanji chigumula chikafika. Zimenezi fio payokha siingazionetse bwino. Pamafunika kuyendetsa database yeniyeni ndi mapulogalamu oyezera monga pgbench kapena sysbench kwa maola, deta yake ikhale yoposa RAM ya makina onse kangapo, ndiponso isakhale ya maziro okhaokha, poti makina amene amafinya deta amameza maziro ngati madzi.

Avereji ndi nambala ina imene sindiikhulupirira. Anthu 99 akathandizidwa m'milisekondi imodzi, mmodzi n'kudikira masekondi awiri, avereji imaoneka yabwino, koma mmodziyo mwina wagwira loko yotsekera deta imene ena onse akuidikira. Eni ake a etcd amalangiza kuti pa ma fsync 100 alionse, 99 azitha pasanakwane mamilisekondi 10, apo ayi maseva amayamba kuganizirana kuti mtsogoleri wafa n'kuyamba chisankho. Jeffrey Dean ndi Luiz Barroso a ku Google anaonetsa masamu ake mu 2013: ngati seva imachedwa kamodzi pa 100, ndipo pempho limodzi liyenera kudikira maseva 100, anthu 63 pa 100 alionse akumana ndi kuchedwako. Chimene chimaoneka chapatalipatali pa seva imodzi chimasanduka cha tsiku ndi tsiku maseva akachuluka.

Pali kabodza kena kobisika kwambiri, kamene Gil Tene anakatcha coordinated omission. Mapulogalamu ambiri oyezera amatumiza pempho, kudikira yankho, kenako kutumiza lina. Tinene kuti makina akuyankha zopempha 100 pa sekondi kwa masekondi 100, chilichonse m'milisekondi imodzi, kenako aima chiimire kwa masekondi 100 enanso. Woyezayo nayenso amaima nawo. M'buku mwake mulembedwa zotsatira zabwino 10,000 ndi choipa chimodzi chokha, ndipo lipoti lidzati pafupifupi zonse zinayenda bwino, pamene makinawo anali atafa theka la nthawi yonse. Makasitomala enieni sasiya kubwera chifukwa choti windo latsekedwa, amangounjikana pakhomo. Mankhwala ake n'kutumiza zopempha pa liwiro lokhazikika n'kumawerengera kuchedwa kuyambira pamene pempho limayenera kunyamuka. Mu pgbench zimatheka ndi katcheredwe kotchedwa rate.

Ndipo makina amenewa amagulidwa chifukwa choti seva ina idzafa tsiku lina, ndiye kuwayeza ali athanzi okhaokha n'kusiya theka la nkhani. Zimitsani seva imodzi mayeso ali mkati. Ceph idzayamba kukopera deta ya yakufayo ku madisiki otsala, ntchito yopikisana ndi database pa netiweki ndi pa madisiki omwewo. Onani kuti zolemba zaima masekondi angati, komanso zachedwa bwanji m'maola amene kukonzako kukuchitika.

Mikangano imeneyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1980 makampani ankalengeza nambala zimene wina aliyense sakanatha kuzitsimikiza. Mu 1985 Jim Gray ndi anzake anafalitsa muyezo wotengera ntchito ya ku banki, wotchedwa DebitCredit, koma aliyense ankautanthauzira momukomera, mpaka mu 1988 panakhazikitsidwa bungwe la TPC. Muyezo wake wa TPC-C, wa mu 1992, sungalengezedwe popanda munthu wapadera wodzaunika, lipoti loulula zida zonse ndi katcheredwe kake, mtengo wa zonsezo, ndi umboni woti deta yapulumuka magetsi atadulidwa. Nthawi yoyeza payokha siyenera kuchepera maola awiri. Masiku ano ambiri amangoti mayeso awo ndi "ofanana ndi TPC-C", atasiya mbali zovuta zonsezi. Palinso chopinga cha malamulo. David DeWitt wa ku yunivesite ya Wisconsin atafalitsa zotsatira zoyerekeza ma database kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Oracle inaika m'chilolezo chake ndime yoletsa kufalitsa zotsatira za mayeso popanda kupempha, makampani ena n'kutengera, ndipo mpaka lero ndime zotere zimadziwika ndi dzina la DeWitt.

Kukondera kovuta kwambiri kukugwira ndi kwa woyeza mwini wake. Munthu amene wagwira ntchito ndi Ceph zaka zisanu amadziwa pokhudza paliponse, ndiye amaitchera bwino, makina enawo n'kungowasiya mmene anabwerera. Sananame, koma sikelo yapendekeka. Ine ndimaona kuti njira yabwino n'kupereka mafayilo a katcheredwe kwa anthu odziwa makina a mbali inayo kuti akonze zimene akuona kuti zalakwika, zida zikhale zofanana kapena mtengo ukhale wofanana, mayeso abwerezedwe kangapo, ndipo fayilo ya fio ifalitsidwe limodzi ndi zotsatira kuti wina akayese yekha.

Pomaliza pa zonse pamabwera kuzula pulagi, ndipo apa palibe chidule. Kuzimitsa ndi lamulo la shutdown sikuthandiza, chifukwa kumapatsa makina mpata wokhuthula zonse mwaulemu. Kyle Kingsbury, ndi mayeso ake a Jepsen amene anayamba mu 2013, wagwira ma database ambiri akutaya deta imene anali atavomereza kale, pongodula netiweki ndi kupha maseva ntchito ili mkati. Pa disiki, mabuku a PostgreSQL amatchula kapulogalamu ka Brad Fitzpatrick kotchedwa diskchecker.pl, ndipo nzeru yake aliyense angaitengere. Pamafunika makompyuta awiri. Yoyamba imalemba manambala motsatizana pa makina amene akuyesedwa, ndipo nambala iliyonse ikavomerezedwa imauza yachiwiri, imene ili pa magetsi ena, kuti iisunge. Zili mkati choncho, munthu amapita kuseri kwa shelefu ya maseva n'kusolola mawaya a magetsi a maseva onse osunga makope aja nthawi imodzi, mafani n'kukhala chete. Akayatsanso, amatenga mndandanda wa kompyuta yachiwiri n'kufufuza nambala iliyonse pa makinawo, imodziimodzi. Ikasowa ngakhale imodzi, makinawo amabwerera kokatcheredwa, ndipo mayeso a liwiro amayambiranso pachiyambi.